Masiku anayi m'galimoto imodzi ndi apongozi ku Paso Robles

Ganizo linali la madamu, ine ndinangovomera mmene amuna ambiri timavomerera zinthu maso ali pa foni, "eya bho palibe vuto", osayamba ndawerenga kuti anthu asanu tikagona bwanji m'galimoto imodzi pomwe mmodzi mwa asanuwo ndi apongozi anga. Zinadzandilowa m'mutu dipoziti italipiridwa kale.

Apongozi anabwera kuno ku California mwezi wa Juni kudzaona zidzukulu. Ndi amayi a ku Mponela, a Chigwirizano enieni osati ongovala yunifolomu Lachinayi, mowa sanaulawepo chibadwire. Ine ndi iwo takhala bwino zaka zonse za banja lathu koma kukhala bwino kwake ndi kwa kwathu kuja, moni ndimapereka chapatali nditanjuta, nkhani zikuluzikulu zimadutsira mwa mwana wawo, kudyera pamodzi ayi. Ngakhale kuno ku San Jose nyumba yathu ndi yaing'ono koma tinapeza njira popanda wina kuuza mnzake, iwo akakhala pabalaza ine ndimapezeka ndili bize kukhitchini, iwo akalowa kukhitchini ine ndakumbukira kuti galimoto ikufunika kupukuta. Ana amaona ngati ndi sewero.

Ndiye madamu atawauza kuti amayi wikendi ikubwerayi tabwereka motorhome tikupita kokayenda, tizikagona momwemo, apongozi anakhala chete kaye kenako anafunsa kuti, "Kugona m'galimoto? Kwagwanji?" Ndipo funso lawo linali lomveka. Kwathu munthu ukagona m'galimoto ndiye kuti basi yafera panjira, kapena muli pamaliro malo achepa, kapena ndiwe dalaivala wa thiraki wakanirira paboda ya Mwanza. Komanso iwo anali ataona kale ndi maso awo ma motorhome akutha ataima mndandanda m'misewu ina ya San Jose, mawindo otseka ndi makatoni, anthu akukhala momwemo chifukwa lendi kuno ndi yoopsa. Anawamvera chisoni anthu amenewo, ndiye lero mkamwini akuti alipire ndalama kuti banja lonse likachite zomwezo. Sanakane koma anatenga zitenje zitatu ndi Baibulo.

Galimoto yake inali ya mtundu umene amati Class C, ija kutsogolo imaoneka ngati kalole koma pamwamba pa dalaivala pali chipumi chotulukira kutsogolo, m'chipumimo ndi bedi. Kutalika mafiti 28, layisensi wamba ya galimoto yaing'ono ikukwanira, zomwe mpaka pano zimandidabwitsa chifukwa chinthucho ndi chachikulu kuposa minibasi za kwathu. Mkati muli sitovu ya gasi, filiji, sinki, tebulo limene usiku limatsika n'kusanduka bedi, kumbuyo kwenikweni bedi lina lalikulu, ndiye pakati kachipinda ka toyileti ndi shawa kochepa moti ukagwetsa sopo uyenera kutsegula chitseko kuti uwerame. Mnyamata wotipatsa makiyi anafotokoza zinthu zambirimbiri mothamanga, za jenereta, za magetsi, za matanki atatu, ya madzi abwino, ya madzi a ku sinki ndi ku shawa imene amati grey, ndi ya ku toyileti imene amati black, ine ndinkangogwedeza mutu maganizo onse ali pa chitseko cha toyileti chija, chopyapyala ngati katoni, chili masitepe awiri kuchokera pomwe apongozi azikagona.

Kuchoka ku San Jose kukafika ku Paso Robles ndi mamailosi pafupifupi 160 pa msewu wa 101, sikufika n'komwe mtunda wa Lilongwe mpaka Blantyre, koma ndi chigalimoto chimenechi zinatitengera maola anayi. Chimamwa petulo ngati chabooka, lita imodzi makilomita anayi basi, ndipo thiraki ikakudutsa mphepo yake imakukankha moti manja anga anachita thukuta pa chiwongolero. Mbale ndi masupuni kumbuyo zikungosokosa. Pa Gilroy fungo la adyo linalowa mpaka mkati, kenako tinatsikira m'chigwa cha Salinas momwe minda ya letesi ndi masamba ena imangopita osaona pothera, anthu atawerama m'mizere atadziphimba kumaso ndi nsalu. Apongozi anali atakhala pa tebulo ndi lamba wawo, chete kuyambira kunyumba, koma apa ndinawamva akufunsa mwana wawo kuti minda yonseyi ndi ya munthu mmodzi kapena ya boma. Titadutsa King City dziko linasintha, mapiri ofiirira a udzu wouma ndi mitengo ya oak yotalikirana, pa San Ardo timakina topopa mafuta tikugwedeza mitu ngati abuluzi pamwala, kenako mizere ya mpesa inayamba. Dzina lonse la tauniyi ndi El Paso de Robles, Chisipanishi, kunena mpata wa mitengo ya oak yomweyo, eni ake amangoti Paso.

Malo amene tinabuka sindiwatchula, ali chakum'mawa kwa tauni kufupi ndi msewu wa 46, mpanda wake wagundana ndi munda wa mpesa. Amawatcha resort ndipo ndinamvetsa chifukwa chake nditalowa pageti. Ine ndinkayembekezera bwalo la fumbi loimikapo magalimoto, koma ndinapeza timisewu ta tala, kapinga wometa bwino, galimoto iliyonse ili ndi malo ake a konkire okhala ndi tebulo panja, dziwe losambira, chipinda chochapira, mabafa aukhondo kuposa a kuntchito kwathu, ngakhale agalu ali ndi bwalo lawo lothamangiramo. Pambali pa malo alionse pali chipilala cha magetsi, mpopi wa madzi ndi dzenje la paipi ya zonyansa. Mtengo wa usiku umodzi unapitirira madola 100, ndalama yoti ukhoza kugona mu motelo bwinobwino, ndipo pamwamba pake walipira kale galimoto, inshuwalansi ndi petulo. Aliyense amene angakuuzeni kuti motorhome ndi njira yotchipa yoyendera akunama kapena galimotoyo ndi ya amalume ake. Pa pepala la malamulo panalembedwa kuti phokoso lithe 10 koloko usiku, osayanika zovala panja, ndipo malo ena otere amakana kumene motorhome yopitirira zaka 10 ikaoneka yotopa. Ndinakumbukira zija za m'misewu ya San Jose, palibe ngakhale imodzi ikanadutsa pageti limeneli.

Kuimika kunali kolowa chammbuyo. Madamu anatsika kuti azindilozera koma ankaima penipeni pomwe galasi silikuwaona n'kumakupiza manja ngati akuthamangitsa nkhuku, ndinayesa kanayi, kachisanu ndinatsala pang'ono kugwetsa chipilala cha magetsi. Anthu a m'mbali atakhala pa mipando yawo matambula m'manja akuonerera, zikuoneka kuti iyi ndiye filimu ya madzulo alionse pamalopo. Anatipulumutsa ndi mdala wina wa galimoto yoyandikana nafe, mzungu wopuma pantchito wa ku Oregon, iye ndi mkazi wake anagulitsa nyumba n'kugula chibasi chachitali chokhala ndi zipinda zotuluka m'mbali ukadina batani, kumbuyo chikukoka kagalimoto kena. Anaima kutsogolo n'kumangoti kumanzere, imani, wongolani, mphindi ziwiri talowa. Anandionetsanso kuika timatabwa pansi pa matayala kuti galimoto ikhale yowongoka, akuti ikapendekeka filiji ya gasi siigwira bwino, ndipo anandichenjeza kawiri konse kuti chogwirira cha thanki ya black chikhale chotseka mpaka tsiku lochoka, ukachisiya chotsegula madzi amapita koma zinazo zimatsala n'kuuma mkati ngati chulu. Zimenezi anazinena mokweza apongozi ali pompo, mwayi Chingerezi chake chinali chothamanga.

Kagonedwe tinakagawa chonchi, apongozi bedi lakumbuyo ndi mdzukulu wamkazi, mnyamata pa tebulo lija, ine ndi madamu m'chipumi pamwamba pa dalaivala pomwe denga lili pafupi ndi mphuno moti ukayetsemula umagunda mutu. Tisanayale n'komwe apongozi anatulutsa chitenje, anapempha mapegi, anamanga chingwe kuchokera pa kabati mpaka pa chitseko cha shawa, mphindi zisanu nyumba inali ndi zipinda ziwiri. Toyileti inagwera mbali yawo. Palibe amene ananena kanthu koma ndinamva uthenga, ndipo kunena zoona ndinapuma, kwa masiku anayi onse toyileti ya m'galimoto sindinaipondemo, ndinkayenda ulendo wa ku mabafa a onse usiku ndi usana. Chimene chitenje sichikanatha kutseka ndi kugwedera. Motorhome ili pa masipuling'i, munthu mmodzi akatembenuka kumbuyo onse mumadziwa, ndiye ine ndinagona chagada ngati mtembo kuopa kuti ndikasuntha apongozi aganiza zina. Madamu ankaseka mu pilo mpaka galimoto inayamba kugwedera ndi kuseka kwawoko, ine kuwatsina kuti mayi chonde mundiphetsa.

Masana kunali kotentha kupitirira madigiri 35 koma pakati pa usiku kunazizira ngati Dedza mwezi wa Juni. Ndi mmene kulili kumeneko, mphepo ya ku nyanja ya Pacific imadutsa m'mipata ya mapiri madzulo, ndipo alimi a mphesa amakukonda chifukwa cha zomwezo, dzuwa limapsetsa zipatso masana koma kuzizira kwa usiku kumasunga kawawasu kake. Cha m'ma 3 koloko ndinatsika pang'onopang'ono ngati wakuba kuti ndipite ku mabafa aja, ndikubwerera ndinaona kuseri kwa mpanda kukuwala. Mathirakitala awiri akuyenda pang'onopang'ono pakati pa mizere atanyamula magetsi owala kwambiri pa mitengo yachitsulo, m'mbali mwake timatochi tambirimbiri tikuyendayenda mothamanga, tochi iliyonse ili pachipumi pa munthu. Kunali kumapeto kwa Seputembala, pakati penipeni pa nyengo yokolola. Ndinayandikira mpanda ndipo ndinadzidzimuka kupeza kuti pali kale munthu, wafunda chitenje mpaka kumutu.

"Bambo, simunagone?"

"Ayi amayi, ndinangotuluka pang'ono."

Mwa masiku onse apa ndikanabwerera, koma kubwerera kunali kovuta chifukwa malo oonera anali amodzi omwewo, ndiye ndinaima chapatali pang'ono. Anandifunsa kuti anthuwa akuba kapena. Ndinati ayi akukolola, amathyola usiku kuti mphesa zifike kofinyira zili zozizira zisanayambe kusasa zokha, komanso masana kutentha kwake munthu sangapirire. Tinaonerera limodzi. Munthu aliyense ali ndi kampeni kokhota, dzanja lina likugwira tsango lina likudula, beseni lapulasitiki lili pansi akulikankha ndi phazi, likadzadza kulisenza pamutu kapena paphewa n'kuthamanga nalo kukakhuthula mu chibokosi chimene thirakitala ikukoka, n'kuthamanganso kubwerera. Ambiri amalipidwa potengera zimene athyola ndiye palibe woyenda. Tinkamva akukuwirana m'Chisipanishi, wailesi ikuimba penapake. Pafupifupi onse ndi ochokera ku Mexico, ena a ku Oaxaca amene ngakhale Chisipanishicho ndi chilankhulo chawo chachiwiri. Minda ina ikuluikulu amakolola ndi makina ogwedeza mpesa koma apa anali manja.

Apongozi anati, "Yamutu wabwino ndi ija yaifupi ija, onani sikutaya nthawi." Zoona panali mmodzi wamfupi amene tochi yake sinkaima. Kenako, maso ali komweko osayang'ana ine, anayamba kufotokoza za fodya. Ndinkadziwa kuti banja la madamu linkalima burley, ndi amene anawaphunzitsa sukulu, koma ndinkangodziwa ngati mutu wa nkhani. Usiku umenewo ndinamva za kusankha magiredi ndi koloboyi mpaka tambala woyamba, za kusoka masamba zala mpaka kuchita zilonda, za chaka chimene chigafa chinagwa ndi mphepo fodya ali momwemo, za matenanti awiri a ku Mulanje amene anakhala nawo zaka zambiri ndipo chaka china mitengo itavuta ku okushoni anasowa chowapatsa n'kuwapatsa njinga ndi wailesi. Ndipo anati malemu apongozi aamuna ankaperekeza mabelo okha ku Kanengo, lole ikaima pamzere kudikira kutsitsa iwo ankagona momwemo pamwamba pa mabelo masiku angapo, kuopa akuba, mvula kaya mphepo, akabwera kunyumba chifuwa chili pululu zovala zonse zikununkha fodya.

"Ndiye mmene ankanena mwanayu kuti tikagona m'galimoto, ine mtima unapita kumeneko."

Sindinayankhe, ndinalibe choyankha. Tinaima mpaka thirakitala inatembenuka kumapeto kwa mzere, kenako anati kwazizira bambo kalowani mungadwale, ndipo anadikira kuti ine ndiyambe kulowa, iwo analowa patapita mphindi zingapo.

Kutacha tinapita kolawa vinyo, ndipo apa ndinamvetsa chifukwa chake mdala uja amakoka kagalimoto kumbuyo, chifukwa ife kuti tipite kulikonse tinayenera kuzula magetsi, kumasula paipi ya madzi, kuchotsa timatabwa, kutsekera mbale zonse, nyumba yonse kupita nayo kokalawa. Derali lili ndi malo opangira vinyo opitirira 200, linavomerezedwa ndi boma ngati dera la vinyo lapalokha mu 1983, mphesa yochuluka ndi Cabernet Sauvignon koma akale amanyadira Zinfandel. Tinasankha malo aang'ono a banja chakumadzulo kumapiri, komwe dothi lake ndi loyererako ngati laimu. Apongozi anati iwo akhala m'galimoto. Kutentha kunawatulutsa pasanathe mphindi khumi, anabwera n'kukhala kumapeto kwa benchi ndi botolo la madzi, atauza mdzukulu mwamphamvu kuti foni isaloze kwa iwo, chithunzi chimodzi chokha chitafika pa gulupu ya WhatsApp ya amayi a kumpingo ndiye kuti zawo zada.

Mayi wotithirira ankathira pang'ono pokha pansi pa tambula, kutiuza kuti tizungulitse, tinunkhize, kenako tilawe. Poti ine ndinali dalaivala ndinayenera kulavulira mu kachidebe kamene amaika patebulo. Munthu kulipira madola 30 kuti uzilavula. Apongozi anandiyang'ana kamodzi ndikulavula, sindikudziwa ngati anandiona waulemu kapena wopusa. Pa vinyo wachitatu wofiira kwambiri mayi uja anati mukanunkhiza bwino mumva nthuza zakuda, chikopa ndi fodya, madamu akumasulira anangoti akuti mukununkhira chikopa ndi fodya, apongozi anamva ngati akuti fodya wa chikopa, uja wofukiza ndi utsi, anadzuka. "Tabweretsani." Anagwira tambula ndi zala ziwiri kutali ndi pakamwa ngati ili ndi moto, ananunkhiza kamodzi, kawiri, anaganiza, kenako anati fodya alimo koma si wa chikopa, ndi burley amene wagona m'belo sabata ziwiri. Madamu atamasulira mayi uja anaseka mpaka kugwira tebulo, anaitana mwamuna wake kuti adzamve, ndipo bamboyo, amene ndiye mlimi weniweni, nsapato zake zili fumbi lokhalokha, atamva kuti amayiwa alima fodya zaka zoposa 30 anati tiyeni kumunda.

Kumunda kuja ine ndi madamu tinasanduka omasulira basi. Apongozi mpesa ankaudziwa wa pa Yohane 15 ndi wa antchito olembedwa ganyu pa Mateyu 20, kuugwira ndi manja kanali koyamba, ndipo anadabwa kuti ndi kamtengo kokhota kouma khungu, iwo ankaganiza kuti ndi chinthu choyanga ngati maungu. Anafunsa kuti umayamba kubereka liti, anati chaka chachitatu. Anaona chotupa pa tsinde chapafupi ndi dothi n'kunena okha kuti apa anamezanitsa ngati mango, bamboyo anavomera, anati mizu ndi ya mpesa wa ku America umene sufa ndi kachilombo ka phylloxera kamene kanawononga minda ya ku Ulaya zaka za m'ma 1800, pamwamba ndiye mtundu wa ku Ulaya wopatsa vinyo wabwino. Analawa mphesa imodzi, anati yaing'ono, khungu lolimba, njere zambiri, koma kutsekemera ngati uchi. Chimene chinawapweteka ndi matsango ouma amene anali mbwee pansi m'mizere. Bamboyo anati amadula dala ena asanapse kuti otsalawo akhwime bwino. Apongozi anapukusa mutu kuti chakudya kutaya chonchi, koma tikuyenda anadzitsutsa okha, anati komatu ifenso fodya timadula nsonga ndi kuchotsa mphukira kuti tsamba lilemere, ndi nzeru yomweyo, kungoti fodya sadyedwa.

Pa kadzidzi pokha sanagwirizane. Pakati pa munda panali mabokosi pamwamba pa mitengo yaitali, anafunsa ngati ndi a njiwa, bamboyo monyadira anati ayi ndi nyumba za akadzidzi, amawamangira dala kuti azigwira timfuko todya mizu ndi mbewa usiku. Madamu anazengereza kumasulira. Atamasulira apongozi anaima, anayang'ana bokosi, anayang'ana bamboyo, anati, "Kumumangira nyumba kadzidzi. Pakhomo." Kuchoka apo anayenda mbali ya kutali ndi mabokosiwo mpaka tinatuluka.

Anafunsanso za madzi chifukwa anaona timapaipi takuda todontheza pa tsinde lililonse pomwe kunja konse kuli gwa. Kumeneko mvula imagwa nyengo yozizira yokha, chilimwe chonse minda yambiri imadalira zitsime zakuya, ndipo nkhani ya madzi ndi yowawa, m'chilala cha m'ma 2013 zitsime za mabanja ena kum'mawa kwa tauni zinauma anthu n'kumaloza chala minda ikuluikulu ya mpesa, mu 2014 California inakhazikitsa lamulo loyang'anira madzi a pansi pa nthaka. Tikuwoloka mlatho wa mtsinje wa Salinas pobwerera anaona mchenga wokhawokha, ndinawauza kuti madzi ake ambiri amayenda pansi pa mchengawo, anati ngati kwathu mwezi wa Okutobala, kungofukula. Madzulo ake ataona ana akusambira mu dziwe la pa resort lodzadza mpaka m'milomo, kapinga akuthiriridwa, sananene kanthu koma anatsuka mbale zonse ndi madzi a mu kapoto kamodzi ngakhale mpopi unali wolumikiza.

Tsiku lachitatu tinazungulira m'tauni, pali paki pakati ndi nyumba ya wotchi pakona imene inamangidwanso itagwa ndi chivomerezi cha pa 22 Disembala 2003 chimene chinapha amayi awiri pomwepo, chivomerezi chomwecho chinatsegula kasupe wa madzi otentha onunkha ngati mazira owola pamalo oimika magalimoto a ofesi ya mzinda. Kenako tinatsika ndi 46 kumadzulo mpaka ku nyanja, kupitirira San Simeon kukaona zinyama zija amati elephant seal zitagona pamchenga ngati matumba a chimanga. Ana anakondwa, apongozi anati zikununkha, tinabwerera.

Usiku womaliza apongozi anaphika nsima pa sitovu ya m'galimoto, ndipo madamu atayatsa ketulo pomwe chozizilitsa mpweya chikulira magetsi anathima onse, malo athu anali a ma amp 30 okha, zinthu ziwiri zolemera nthawi imodzi sizitheka. Ana anakuwa kuti magetsi apita, agogo awo osatekeseka n'komwe, mthiko ukuyendabe mumdima, anati izi ndiye zakwathu. Mdala wa ku Oregon anabwera ndi tochi kudzandionetsa kabatani pa chipilala, ananunkhiza, anafunsa kuti mukuphika chiyani, mapeto ake iye ndi mkazi wake anabwera ndi nyama yowotcha imene kuderali amati tri-tip, ife nsima ndi masamba otendera, tinadyera pa tebulo la panja. Mayi wachizungu anafuna foloko, apongozi anamugwira dzanja n'kumuonetsa kutema mbamu. Tebulo linali limodzi, mabenchi awiri, ndinazindikira mochedwa kuti ndakhala moyang'anana ndi apongozi ndipo tikupisa m'mbale imodzi ya ndiwo. Madamu anandiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndisadzuke.

Mmawa wochoka inafika ntchito imene ndinkaiopa. Ndinavala magolovesi, ndinalumikiza chipaipi chokhala ngati kodiyoni ku galimoto, mbali inayo ndinailowetsa mu dzenje, ndinakumbukira bwino lomwe kuti uyambe black kenako grey kuti madzi a sopo atsuke paipi. Chimene sindinachite ndi kukhwimitsa mbali ya ku dzenje kapena kuikapo mwala. Nditangokoka chogwirira paipi inadumpha ngati njoka yapondedwa, ndinatseka msanga koma masekondi awiri amenewo anakwanira, konkire, tayala ndi nsapato zanga zonse ziwiri. Ndipo kumbukirani kuti ine mu thanki imeneyo ndinalibemo gawo ngakhale pang'ono. Mdala uja anabwera ndi paipi ya madzi ndi mankhwala osanena zambiri, anangoti aliyense zimamuchitikira kamodzi. Ndikutsuka ndinaona galimoto yonse ikugwedera pa masipuling'i ake, ndinayang'ana pa windo lakumbuyo, kateni ikunjenjemera, apongozi akuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ndiyeno anatsegula windo, osatuma mwana wawo, osatuma mdzukulu.

"Bambo, nsapatozo zisalowe muno. Ndipo mukasambe kaye."

Ndinayendetsa mamailosi 160 nditavala masilipasi a madamu. Tikulowa mu San Jose tinadutsanso msewu uja wa ma motorhome akutha, apongozi anawayang'ana nthawi yaitali kenako anafunsa kuti nanga awa alibe chipilala alibe dzenje, madzi amatunga kuti, thanki amakakhuthula kuti. Palibe anayankha, mwana wamng'ono anali atagona pamiyendo pawo.

Kunyumba zinthu zinabwerera mwakale, iwo pabalaza ine kukhitchini, mpaka ananyamuka mwezi wa Novembala. Koma masiku ano mauthenga a mawu ena amabwera pa foni yanga osati ya madamu. Wa sabata yatha anafunsa ngati anthu a matochi aja anamaliza kukolola. Ndinawayankha kuti anamaliza kalekale, pano masamba athothoka mipesa yangotsala mitengo, adzayamba kudulira cha mu Januwale. Iwo anati ku Mponela mvula yagwa kawiri, anyamata ayamba kuwokera.